Dzina Langa Pamwamba pa Tsamba

Chaka chimene ndinaphunzira kutayipa ndinasanduka munthu wovuta kukhala naye. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangolembedwa kumene ntchito mu ofesi ya fakitale ina yopanga mabulangete, ndipo zala zanga sizinkakhazikika. Ndinkatayipa patebulo, pabondo, ngakhale pamsana pa mpando wa basi yochokera ku Mufakose, lokesheni yathu ya ku Halale, kupita kutauni. Tsiku lina mayi amene anakhala kutsogolo kwanga anatembenuka n'kundifunsa m'Chishona ngati ndinali ndi matenda a manjenje. Ndinawayankha monyada kuti ayi, ndine tayipisiti. Sanaoneke kuti amva kusiyana kwake.

Makolo anga anali m'bungwe la maliro la anthu ochokera ku Malawi, kumene akuluakulu ankangoti ku Nyasalande ngakhale dzikolo linali litasintha kale dzina. Bungweli linkakumana Lamlungu loyamba la mwezi, tikaweruka mapemphero, pansi pa bulugama wa kuseri kwa tchalitchi. Ntchito yake yeniyeni inali yoikana m'manda, koma anthu ankabwera makamaka kudzamva nkhani: ndani wafika kuchokera kumudzi, ndani akupita, mwana wa yani wakwatiwa ndi Mshona. Aliyense wopita kumudzi ankasenzetsedwa mauthenga apakamwa ambirimbiri, ndipo podzafika ku Ntcheu kapena ku Dedza mauthengawo ankakhala atapindika. Bambo wina anatumidwa kukanena kuti mwana wa uje wathyoka mwendo. Iye anakanena kuti wamwalira, ndipo mudzi unalira masiku awiri pomwe mwini mwendo anali kudya mabanzi m'chipatala.

Nkhani ya mwendoyi ndiyo inawakwiyitsa apampando athu. Anali munthu wokonza njinga pafupi ndi mashopu, wa magalasi omangidwa ndi waya, wokonda kuti zinthu ziziyenda mwadongosolo. Anati basi, kuyambira tsopano tizilemba. Tsamba limodzi mwezi uliwonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Makope ena azigawidwa kuno, ena aziikidwa m'masutukesi a opita kumudzi. Kutchalitchi kunali makina opukusa osindikizira nyimbo ndi zolengeza, ndipo abusa anali atavomera kale. Chinatsala n'chakuti ndani angatayipe.

Asanamalize funsolo ine ndinali nditaimirira kale. Mtsikana saimirira pamsonkhano wa akulu asanaitanidwe, ndipo mayi anga, amene anakulira pafamu ku Mazowe ndipo Chishona chinkawatulukira akakwiya, anandikoka siketi.

"Iwe, gara pasi," anatero chapansipansi.

Ndinakhala, koma ntchito ndinali nditaipeza. Kuchokera pamenepo mpaka kunyumba sindikukumbuka kuti ndinaponda pansi.

Ndiulule pano kuti chimene chinandikondweretsa sichinali kuthandiza anthu. Ndinkafuna kuona dzina langa litasindikizidwa. Kuofesi ndinkaona manyuzipepala a azungu, momwe mayi wina ankalemba za maluwa ndi makeke, dzina lake lili pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinkadzifunsa kuti ine ndalakwanji. Mutu wa tsamba lathu ndinali nditaupeza kale: "Kalata ya", kenako dzina langa lonse, loyamba ndi la bambo.

Dzina la bambolo sindilitchula pano. Ndingonena kuti linali lalitali, lodzaza m'kamwa, ndipo m'Mufakose monse munalibe banja lina lokhala nalo. Aphunzitsi Achishona ankapunthwa nalo poitana mayina m'kalasi, ine n'kumawakonza mokweza. Ndinkalikonda kwambiri. Mlungu umenewo ndinalisaina paliponse: pa pepala lokulungira buledi, pa chikwama cha ufa, pa galasi la zenera likachita nthunzi. Mayi analipeza m'mphepete mwa buku lawo la nyimbo, kasanu, lililonse ndi mchira wakewake, ndipo anandifunsa ngati ndikuganiza kuti Mulungu wandiiwala.

Kunyumba dzinali silinkamveka. Mayi ankawaitana bambo potchula dzina langa loyamba, bambo a uje, monga amachitira akazi onse aulemu. Akuluakulu a kumudzi ankawaitana ndi chiwongo. Dzina lalitalilo linkagwira ntchito pageti la fakitale ya fodya kumene bambo ankagwira, kusukulu kwathu, ndi kuofesi ya lokesheni. Kukiliniki namwino akaliitana, bambo ankangokhala phee mpaka ine nditawagwedeza. Ndinkaganiza kuti makutu ayamba kuwavuta.

Msonkhano wosankha dzina la tsambalo unatenga masana onse, ndipo sindinasekepo chotero pamsonkhano wa maliro. Apampando, poti ndi munthu wa njinga, anafuna kuti likhale "Unyolo", chifukwa unyolo umalumikiza gudumu lakutsogolo ndi lakumbuyo. Mayi wina anawakumbutsa kuti unyolo wa njinga sufika ku gudumu lakutsogolo. Apampando anavula magalasi, kuwapukuta, n'kunena kuti tipitirize. Wina anati "Tambala", anthu onse n'kuyang'ana kumbali, poti kumudzi tambala anali ndi eni ake ndipo sankatchulidwa mwamasewera. Kenako mkulu wina wopanda mantha anati tingolitcha "Kalata ya Matchona", ndipo apa pakanabuka ndewu. Mtchona ndi munthu amene anapita kukagwira ntchito kunja osabwereranso, ndipo pansi pa bulugama uja panalibe ndi mmodzi yemwe wovomera kuti ndi mtchona. Amene anali atakhala ku Halale zaka makumi atatu ndiwo anakalipa koposa. Aliyense anali ndi sutukesi pamwamba pa wadiropu, aliyense ankapita kumudzi chaka chamawa.

Phokoso litachepa, mayi anga ananena ali chikhalire kuti bwanji "Kuno Tilipo", poti kalata iliyonse yopita kumudzi imayamba ndi mawu omwewo. Amayi anzawo anang'ung'udza movomereza. Ine ndinaona kuti ndi dzina lozizira, la anthu otopa, ndipo ndinachita manyazi kuti lachokera m'nyumba mwathu. Ndinakweza dzanja, ulendo uno mwaulemu, n'kunena maganizo anga.

Ena anaseka. Koma apampando anagwedeza mutu nati si maganizo oipa, wolemba adziwike, kuti akapha munthu wamoyo tidziwe khomo lokagogoda. Ndinali nditayamba kale kuona zilembo zija.

Apo ndi pamene bambo anaimirira. Pa zaka zonse zimene ndinawaperekeza kumisonkhanoyi, ndinali ndisanawamvepo akuyankhula. Chipewa chili m'manja, anati ayi. Atafunsidwa chifukwa, anati ino ndi nthawi ya nkhondo, ndipo mwana wawo sangaike dzina papepala losindikiza apolisi ali pakhomo.

Zimenezi zinali zoona, ndipo palibe akanatsutsa. Masiku amenewo anyamata ankangosowa m'masukulu, n'kumveka kuti awoloka malire. Munthu wopezeka ndi mapepala otayipa m'thumba ankakafotokoza kupolisi. Wapolisi wina anali atabwera kale kudzaona makina a kutchalitchi, abusa n'kumuwerengetsa ndandanda wa amayi osesa m'kachisi mpaka atatopa yekha. Akuluakulu anavomerezana ndi bambo. Poti dzina lina silinapezeke, anagamula kuti tsamba loyamba lituluke lopanda mutu, chifukwa kunali bambo wina wopita ku Ntcheu Loweruka lomwelo kukadya Khirisimasi. Zadzina tidzakambirananso mwezi wamawa.

Kunyumba ndinawavutitsa bambo mlungu wonse. Ndinawafunsa kuti apolisi angatani ndi nkhani ya mayi wobereka mapasa. Ndinawauza kuti makolo ena akanyadira. Ndinalira pang'ono, mwadala, nditaona kuti zina sizikugwira. Iwo ankangopukuta nsapato zawo. Pomaliza anakweza maso nati:

"Dzina limenelo silikwera papepala lopita kumudzi. Ndatha."

Anati lopita kumudzi. Sanati lopita kupolisi. Koma ine m'makutu mwanga munali phokoso langa lokha, ndipo sindinamve kusiyanako.

Lachisanu masana ndinapempha kuweruka msanga, n'kupita m'kachipinda ka kuseri kwa guwa kumene kunkakhala makina. Amene sanagwirepo sitensulo sadziwa kukoma kwake. Ndi pepala lofewa lopakidwa phula. Umachotsa riboni pa tayipi kuti zilembo ziziboola phulalo, ndipo ukamenya kwambiri, "o" aliyense amathothoka n'kusiya dontho lakuda. Ukalakwitsa umapaka mankhwala ofiirira onunkha ngati utoto wa zikhadabo, n'kuuzira mpaka aume. Kenako umaikulunga pa mgolo wa makina, kuthira inki, n'kuyamba kupukusa. Tsamba loyamba litatuluka, lonyowa, ndinavina ndekha m'kachipindamo mpaka ndinagunda chidebe cha maluwa a paguwa.

Nkhani zinalimo zabwino. Mapasa aja, ukwati umodzi, maliro awiri, ndi chenjezo lakuti mabasi odzera ku Tete tsopano akuyenda moperekezedwa ndi asilikali, choncho opita kumudzi atenge kamba wokwanira. Koma pamwamba panali mpata woyera, waukulu ngati chikhato changa, ndipo unkandiyang'ana.

M'chikwama mwanga munali singano ya mayi yolukira madoilo. Ndingakhale ndikunama nditati inalowamo yokha. Ndinakhala pansi n'kuganiza mozama, ndipo nzeru imene ndinapeza inandisangalatsa kwambiri moti ndinadziombera m'manja. Bambo akuopa apolisi. Apolisiwo ali kuno. Ku Ntcheu kulibe wapolisi wa ku Halale. Ndiye makope a kuno atuluke opanda mutu monga anagamulira akuluakulu, koma a kumudzi, amene wapolisi sadzawaona, angalakwe chiyani atanyamula dzina langa? Ndinaona kuti mwanjira imeneyi ndamvera bambo bwino lomwe.

Ndinapukusa a kuno n'kuwaika padera. Kenako ndinatenga singano ija n'kuzokota pa sitensulo pomwepo, pang'onopang'ono, lilime lili panja: "Kalata ya", ndi dzina langa lonse, ndi mchira wake umene ndinausankha pa isanu ija. Makope makumi awiri. Ndinawakulunga m'pepala la khaki, kumanga ndi ulusi, ndipo m'mawa mwake ndinakawapereka ndekha kwa bambo wa ulendo uja pa siteshoni ya mabasi. Anawalowetsa m'sutukesi pakati pa shuga ndi bulangete. Limodzi ndinasunga ine m'kati mwa Baibulo, ndipo mwezi umenewo ndinatsegula Baibulo kawirikawiri moti mayi anayamba kundilankhula mwaulemu.

Msonkhano wa Januwale sunathenso kugwirizana za dzina, ndipo tsamba lachiwiri linatuluka lopanda mutu, lonse, poti kunalibe wopita kumudzi. Chakumapeto kwa mvula, Lamlungu lina tikutuluka m'tchalitchi, apampando anandipatsa envelopu imene inafikira ku bokosi la mpingo. Inali ndi sitampa ya ku Malawi ndi dzina langa, lolembedwa bwino popanda cholakwika chilichonse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nandifunsa kuti anthu a ku Ntcheu andidziwa bwanji. Ndinati mbiri imayenda, n'kuthawira kuseri kwa bulugama.

Inali kalata yanga yoyamba yochokera kwa wowerenga, ndipo ndinaipsompsona ndisanaitsegule. Wolemba anali mphunzitsi wamkazi wa pasukulu ina ya pulaimale. Anati tsamba lathu linawerengedwa mokweza pabwalo la tchalitchi chawo, ndipo wowerengayo atatchula mutu wake, anthu onse anatembenuka kuyang'ana iye, chifukwa dzina lalitali lija ndi lakenso, ndipo m'dera lonselo mulibe banja lina lokhala nalo. Mawu otsatira ndimawakumbukabe:

"Bambo anga anapita ku Halale ine ndili m'mimba, ndipo sitinamvenso za iwo. Tsono iwe ndiwe mng'ono wanga. Ndakhala ndikuseka ndekha ngati wamisala. Uwauze bambo kuti sitinakwiye. Amayi alipo, sanakwatiwenso. Ankhoswe anafuna kuwamasula koma iwo anakana, amati munthu sangamete maliro a munthu amene sanamve kuti wafa. Angotilembera mzere umodzi wokha."

Ndikuchita manyazi kunena kuti chimene ndinamva poyamba chinali chimwemwe chokhachokha. Ndili ndi wowerenga, ndiponso ndili ndi mkulu wanga, mphunzitsi! Ine amene ndinakulira pakati pa alongo okhaokha. Ndinayamba ulendo wa kunyumba ndikukonza zomutumizira: nsapato, pitikoti, chithunzi changa nditakhala pa tayipi. Ndinali nditafika pa mashopu pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Ngati uyu ndi mkulu wanga, ndiye kuti bambo anga, ofatsa aja, opukuta nsapato aja, ali ndi mkazi wina ku Ntcheu. N'chifukwa chake sankafuna dzina lipite kumudzi! Ndinaima pakati pa msewu mpaka wanjinga anandiimbira belu. Ndinakwiya m'malo mwa mayi, koma ndisabise, kukwiyako kunkakomanso. Ndinadziona ngati wapolisi wofufuza amene wagwira mbava ndi singano ya madoilo.

Mayi ndinawapeza pakhonde akuluka. Ndinawapatsa kalatayo ndi manja awiri, nkhope nditaikonza ya chisoni, n'kuima patali pang'ono kuti mbale zikayamba kuuluka zisandipeze. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atamaliza anaipinda bwinobwino. Ndinawafunsa ngati ankadziwa kuti kuli mkazi wina.

"Akanakhala mkazi wina bwenzi zili bwino," anatero. "Dikira bambo ako."

Bambo anali atatsalira kutchalitchi ndi akuluakulu anzawo. Atafika, mayi anawapatsa kalata ija asanavule n'jekete lomwe. Anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi n'kuiwerenganso. Sanandifunse kuti dzina linafika bwanji ku Ntcheu. Ine ndinali nditakonza kale mayankho atatu, onse abwino, ndipo palibe limene linafunika. Anapisa m'thumba la m'kati n'kutulutsa chitupa chawo, chiphaso chija chimene mwamuna aliyense wakuda ankayenda nacho, chopindidwa m'kachikwama kachikopa. Anachiika patebulo pakati pathu.

"Ichi si changa," anatero.

Anafotokoza mosakweza mawu, maso ali pa chitupacho. Anabwera ku Halale wapansi, kudzera ku Tete, ali mnyamata. Anayenda ndi mnzawo wa mudzi woyandikana nawo, wamkulupo pang'ono, amene anali atangokwatira kumene. Onse awiri analembedwa pafamu ina ya fodya. Bambo anakangana ndi kapitawo n'kuthawa asanamalize nthawi yawo, chitupa chawo n'kutsala m'manja mwa mwini famu. Munthu wopanda chitupa sakanalembedwa ntchito kwina kulikonse, ndipo akagwidwa ankabwezedwa komwe anathawa. Mnzawo uja anali atamaliza bwino nthawi yake n'kusamukira pafamu ina, ndipo ndiye anawabisa m'nyumba mwake m'komboni. Kumeneko mnzawoyo anadwala chifuwa. Bambo anamudwazika masabata atatu, ndipo atamwalira anamuika iwo ndi anthu ena awiri pansi pa mtengo, kumalire a famu. Chitupa chake chinatsala m'thumba la malaya. Masiku amenewo panalibe chithunzi, ndipo chidindo cha chala palibe ankachiyang'ana. Bambo anachitenga n'kulowera kutauni.

Ankati adzalemba kalata kumudzi akangokhazikika. Koma uthenga wa maliro ukafika kwa amfumu unkapita kuboma, ndipo boma likadziwa kuti mwini chitupa anafa, chitupanso chafa. Anati adikire chaka chimodzi. Kenako anakwatira, kenako ndinabadwa ine, kusukulu anafuna dzina la pa chitupa, nyumba ya lokesheni inalembedwa dzina lomwelo. Chaka chilichonse kalata ija inkalemera kuposa chaka chapita. Kumudzi sanapiteko ngakhale kamodzi, poopa kukumana ndi mkaziyo panjira. Kwa abale awo ankalemba ndi dzina lawo lenileni, ndipo atafunsidwa za mnzawo anayankha kuti anasiyana kalekale. Sutukesi yawo inali pamwamba pa wadiropu ngati ya anzawo onse.

Ndinaganiza za mphunzitsi uja akuseka yekha, ndi za mayi ake, ndi za ine ndikuzokota dzina la bambo ake ndi mchira wokongoletsa. Ndinamva chisoni, koma choyamba kutuluka pakamwa panga chinali cha ine mwini, monga mwa nthawi zonse.

"Nanga Baba, ine ndine yani?"

Anayankha ndi mayi.

"Ndiwe yemwe unaba singano yanga," anatero. "Usaganize kuti sindinaone inki."

Ndinaseka, kenako ndinalira, ulendo uno osati mwadala.

Masabata awiri bambo sanatchulenso nkhaniyi. Ankapita kuntchito, kubwera, kupukuta nsapato. Kalata ija inali pansi pa wailesi ndipo tonse tinkaizungulira. Ine sindinasainenso pa chikwama cha ufa. Ndinayesa kangapo kumuyankha mphunzitsi uja, koma ndikangolemba moni ndinkasowa pomutchula. Madzulo ena ndinawaona bambo ali pa shedi ya apampando, atakhala pa chitini, akuyankhula, apampando atagwira sipanala osaigwiritsa ntchito.

Pamsonkhano wotsatira apampando sanalole mkangano. Anati zvakanaka, chabwino, takangana mokwanira, dzina ndi lija ananena mayi anga, ndipo ofuna kutsutsa akatsutsire kwawo. Anayang'ana kwa ine podikira kuti ndiimirire. Sindinaimirire.

Loweruka lake masana ndili m'kachipinda kaja, nditatayipa kale mutu wakuti "Kuno Tilipo" ndi nkhani zonse, ndinamva kugogoda. Anali bambo, atavala jekete la kutchalitchi ngakhale silinali Lamlungu. Anayang'ana makina, anayang'ana sitensulo, nandifunsa ngati pansi patsala malo. Ndinati patsala pang'ono.

"Uchite zija unachita," anatero. "A kuno padera, a kumudzi padera."

Ndinapukusa a kuno n'kuwaika pambali. Ndinamasula sitensulo mosamala, inki ili m'manja monse, n'kuibwezera pa tayipi. Bambo anaima kumbuyo kwanga, chipewa m'manja, n'kuyamba kunena, ine ndikutayipa. Anatchula dzina lalitali lija, nati mwini wake, wa mudzi wakuti, anamwalira ndi chifuwa pafamu yakuti, chaka chakuti nthawi yokolola fodya. Sanafe yekha, panali womugwira dzanja. Anaikidwa mwaulemu pansi pa mtengo, mutu utaloza koyenera. Asanamwalire ankatchula mkazi wake ndi mwana amene ankayembekezera. Uthengawu wachedwa chifukwa cha mantha a amene akuupereka, ndipo mlandu wake ndi wa iye yekha.

Dzina lija ndinali nditalilemba kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinalilakwitsa kawiri, n'kupaka mankhwala ofiirira, n'kuuzira. Nditamaliza ndinafunsa kuti pansi ndilembe kuti wanena ndani. Bambo anatchula dzina lalifupi, wamba, lofanana ndi la anthu ena ambiri. Ndinali ndisanamvepo munthu akuwaitana nalo. Ndinachita kuwapempha kuti abwereze.

Anapukusa okha makinawo. Ankapukusa mofulumira kwambiri, mapepala n'kumatuluka awiriawiri, ndipo ndinawagwira mkono kuti achepetse. Tsamba loyamba analitenga likadali lonyowa n'kuliwerenga mpaka pansi, inki n'kuwadetsa chala chachikulu.

Maliro sauzidwa ndi pepala lokha. Apampando anapeza mkulu wina wodalirika amene ankapita ku Ntcheu, n'kumulangiza kuti akafike kaye kwa malume a womwalirayo, akagwade, akanene ndi pakamwa, ndipo pepalalo akalipereke pambuyo kuti mawu asapindike. Ine ndinaikamo kalata yanga kwa mphunzitsi uja. Ndinamuuza kuti sindine mng'ono wake, kuti dzinalo ndinalikweza pamwamba pa tsamba chifukwa cha matama, ndi kuti ndi lake. Nsapato ndi pitikoti ndinatumizabe, poti mumtima ndinali nditamulonjeza kale.

Pa mapepala a boma dzinalo ndikadali nalo mpaka lero. Kulisintha nthawi imeneyo kukanawachotsetsa bambo ntchito ndi nyumba, ndipo pamene zinthu zinadzasintha linali litalowa kale pa masatifiketi onse. Ndimalisaina kubanki ndi kuchipatala, mopanda mchira. Pa tsamba lathu silinakwerenso, ngakhale tsambalo ndinalitayipa mwezi ndi mwezi mpaka msewu wa ku Tete utatsekedwa ndi nkhondo, masutukesi n'kuleka kuyenda.

Yankho linatenga miyezi inayi. Tsiku lililonse bambo akaweruka ankandiyang'ana kumaso asanandipatse moni, ine n'kupukusa mutu. Litafika, linali la mizere yochepa, ndipo ndinawawerengera pakhonde, mayi ali pomwepo ndi madoilo awo. Mphunzitsi uja analemba kuti uthenga unafika. Analira maliro, anaphika, ndipo amayi ake ameta. Za kukhululuka sanalembepo kanthu, za nsapato anati n'zazing'ono koma wapatsa mwana wa mlongo wake. Pomaliza anati amayi ake ali ndi funso limodzi lokha kwa bambo aja anaika mwamuna wawo m'manda: mtengowo ndi wanji?

Bambo sanachite kuganiza.

"Msuku," anatero. "Uwalembere kuti ndi msuku, ndipo umabereka."